Sukulu ya mayeso a helikopita: amaphunzitsa bwino, koma za nthawi anandiuza theka

Ndimakhala ku Aberdeen, ku Scotland, ndipo ntchito yanga ndi yokonza magetsi pamalo okumba mafuta m'nyanja ya North Sea. Kuntchito timapita pa helikopita. Zaka zonsezi ndakhala kumbuyo, nditavala suti yosalowa madzi ija, maso ali pa anthu awiri a kutsogolo, mpaka mtima unandiuza kuti nanenso ndikakhale pampando umenewo. Laisensi yoyamba, PPL, youlukira pawekha osati pa malipiro, ndinaitenga pa kahelikopita ka Robinson R22. Kenaka ndinalembetsa maphunziro a patali pa sukulu ina ya ground school, yophunzitsa za m'mabuku osati kuulutsa, kuno ku Britain kuti ndilembe mayeso a ATPL ya helikopita, laisensi yapamwamba koposa ya oyendetsa, pamodzi ndi IR, chilolezo choulutsa modalira zida zokha pamene kunja sikukuoneka. Dzina la sukuluyi sinditchula, chifukwa pali dandaulo limene ndili nalo, koma amene mukufufuza masukulu otere mudziwa zoti mukafunse.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti n'zambiri. Maphunziro ndi 13, ndipo kwa munthu wa PPL lamulo limafuna maola 650 a kuwerenga. Mabuku awo anali pa tabuleti, osafuna intaneti nthawi zonse, ndipo kwa ine zimenezi zinali ngati mvula yogwa pa nthawi yake. Ndikaweruka panyanja paja ndinkakhala m'kachipinda kanga, CRP-5, kachipangizo kowerengera za ulendo wa ndege, m'manja, ndikuzunguza kagudumu kake kuwerengera mphepo ndi mafuta mpaka zala kuwawa. Ukatumiza funso madzulo, mawa lake yankho lafika, lolembedwa ndi munthu amene wawerengadi funso lako.

Masabata a m'kalasi ndiwo sindidzawaiwala. Mphunzitsi wa Principles of Flight, phunziro la mmene ndege imaulukira, bambo wachikulire amene anauluka zaka zambiri ku usilikali, analowa tsiku lina ndi njere za mtengo wa sycamore m'thumba la jekete. Anakwera pampando, nataya imodzi. Inatsika ikuzungulira pang'onopang'ono, nigwera patebulo langa popanda phokoso. Anati helikopita injini ikazima imatsika chomwecho, mpweya wochokera pansi ndiwo umazunguza mapiko. Mutu umenewu, wotchedwa autorotation, ndinali nditauwerenga katatu osaumvetsa, koma tsiku limenelo unalowa. Pa kaphunzitsidwe, sukuluyi ndi ya anthu odziwa ntchito yawo.

Anatifotokozeranso bwino za nthawi yolembera mayeso. Pepala lililonse umakhoza ndi 75 peresenti. Ukalemba pepala loyamba, uli ndi miyezi 18 yoti umalize onse, ndipo miyeziyo imayamba kuwerengedwa kumapeto kwa mwezi umene walemba koyambawo. Pepala limodzi sungaliyese koposa kanayi, ndipo maulendo olemba sapitirira 6. Ukaphonya chimodzi mwa izi, zonse zimafufutika, ngakhale mapepala amene unakhoza ndi 95. Ine ndinayamba mu June 2021 n'kumaliza mu April 2022, maulendo anayi. General Navigation inandigwetsa kamodzi, ulendo wachiwiri ndinadutsa.

Tsopano pamene pakundiwawa. Ndisanalipire ndinaimba foni ku ofesi yawo. Ndinafunsa mwachindunji kuti ndikakhoza mayesowa akhala amoyo zaka zingati, chifukwa ndalama zanga n'zosonkhanitsa mwezi ndi mwezi, ndipo kumudzi ku Ntcheu kuli ana a mlongo wanga amene ndimawalipirira fizi. Yankho linali lakuti kwa a helikopita ndi zaka 7, bola type rating yako, chilolezo choyendetsa mtundu wakutiwakuti wa helikopita, ikhale yamoyo. Mawuwa si abodza. Koma ndi theka la nkhani, ndipo theka linalo ndi limene landidyera nthawi.

Lamulo lake lili mu Part-FCL, malamulo a malaisensi a oyendetsa ndege, ndime ya FCL.025, ndipo limagawa nthawiyi pawiri. Zaka 7 zija n'za kutenga laisensi ya ATPL yokha, ndipo zimawerengedwa kuchokera tsiku lomaliza limene IR yako, kapena kwa ife type rating ya helikopita, inali yogwira ntchito. Type rating imakhala chaka chimodzi. Ukamaikonzanso chaka ndi chaka ndi woyesa, zaka 7 zija zimangosunthira kutsogolo. Izi n'zothandiza kwambiri, chifukwa ATPL imafuna maola 1,000, mwa iwo 350 pa helikopita ya oyendetsa awiri, ndipo maola amenewa sapezeka msanga. Koma kuti mayeso omwewo akutengere CPL, laisensi youlukira pa malipiro, kapena IR, uli ndi miyezi 36 yokha kuchokera tsiku limene wakhoza pepala lomaliza. Type rating siikhudza miyezi imeneyi ngakhale pang'ono.

CPL ndinaipeza mu 2023, nthawi isanathe, nditakwanitsa maola 185. Za IR ndinati zidikire. Aliyense wa helikopita akudziwa kuti IR ndiye phiri: maola 50 kapena kuposerapo, ena mu simulator, makina oyerekezera kuulutsa uli pansi, ena pa helikopita imene ola limodzi limameza malipiro a masiku angapo. Ndinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, tinagwirizana kuti tisonkhe zaka zitatu kapena zinayi popanda ngongole. Mumtima ndinali ndi zaka 7. April 2025 anadutsa ndili panyanja, osadziwa kuti tsiku lina m'mwezi umenewo gawo la IR la mayeso anga latha mphamvu. Ndinazindikira patapita miyezi iwiri, nditapita kukafunsa malo pa sukulu youlutsa. Mayi wa pa desiki anayang'ana pepala la zotsatira zanga, nawerenga ndi chala, nandiuza mwaulemu kuti ndiyenera kulembanso mayeso a IR ndisanayesedwe. Ndinatuluka n'kukhala m'galimoto kwa nthawi ndithu ndisanalize injini.

Wina anena kuti safunsa anadya phula. Koma ine ndinafunsa. Lamulolo ndinaliwerenganso m'phunziro la malamulo a ndege, Air Law, n'zoona, koma pakati pa malamulo mazanamazana, ndipo mutu unasunga zimene ndinamva pafoni tsiku loyamba. Chimene ndikuidandaulira sukuluyi n'chakuti amadziwa bwino lomwe kuti ophunzira a helikopita ambiri amagwera m'dzenje lomweli. Funso limodzi lokha, lakuti kodi ndalama za IR mudzakhala nazo m'zaka zitatu, likanasintha zambiri. Mwina ndikanachedwetsa mayeso ndi chaka, n'kuyamba ndawonjezera maola. Mwina ndikanalemba ATPL yopanda IR, ya maola 550, n'kudzalemba za IR nthawi yake itakwana. Nditawalembera kalata anayankha mwaulemu, napepesa, nandichotsera pang'ono pa mtengo wa kosi ya IR. Ndayamikira, koma kalata yokumbutsa miyezi 6 nthawi isanathe ikanandithandiza kuposa kuchotsera kumeneku, ndipo tsiku limene ndinamaliza mayeso analidziwa.

Chinthu china chimene anachita bwino: anandichenjeza za Brexit, kutuluka kwa Britain mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Kuyambira pa 1 January 2021 Britain inatuluka mu EASA, bungwe la za ndege la ku Ulaya, choncho mayeso a CAA, bungwe la za ndege la kuno, sakutengera laisensi ya ku Ulaya. Anzanga ena m'kalasi ankalemba mbali zonse ziwiri, a CAA ndi a Austro Control, bungwe la za ndege la ku Austria. Ine ndinasankha a kuno okha chifukwa ntchito imene ndikuifuna ili pakhomo pompano, pa bwalo la ndege la Aberdeen.

Kodi ndingatumize m'bale wanga kusukuluyi? Inde, ndipo nanenso ndabwererako, pano ndikuwerenganso Radio Navigation ndi Meteorology ndi mabuku awo omwewo. Koma ndingamuuze kuti asanapereke khobidi, afunse mafunso atatu padera: CPL mpaka liti, IR mpaka liti, ATPL mpaka liti, ndipo mayankho abwere pa imelo, osati pafoni. Malamulo a kuno akhala akusinthidwa, choncho aonenso zimene CAA yalemba chaka chimenecho. Ine helikopita ya Robinson R44 ndikuiulutsabe chaka chilichonse kuti type rating isafe, ndipo tsiku limene ndidzakhoze pepala lomaliza la IR, ndidzawerenga miyezi 36 n'kulemba detilo pachitseko cha firiji, pamene mayi a kunyumba azidzaliona m'mawa uliwonse.