Kuno ku Harare zilolezo za pa cloud timazilemba mu code

Abale ndi alongo amene mukugwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, landirani moni kuchokera kwa anzanu a ku Harare. Tati tikuuzeni mmene kuno tikuyendetsera nkhani ya zilolezo (zoti ndani aloledwa kuchita chiyani) m'mapulojekiti a pa cloud, kutanthauza makompyuta obwereka a pa intaneti, poti vuto lake lili kunoli lifikanso kumudziko, ngati silinafike kale.

M'makampani ang'onoang'ono a kuno anthu sakhalitsa. Mnyamata amene lero ali pa ofesi ku Msasa, mwezi wamawa wakwera basi ya ku Johannesburg. Munthu amachoka, chilolezo chake n'kutsala. Ngati chinaperekedwa pongodina pa console (tsamba la pa intaneti loyendetsera cloud), palibe amakumbukira kuti anapereka ndani, liti, pa chifukwa chanji. N'chifukwa chake zonse timazilemba m'mafayilo a Terraform, pulogalamu yokonzera zinthu za pa cloud potsatira zolembedwa mufayilo, imene kampani ya HashiCorp inatulutsa mu 2014, kapena OpenTofu, imene inabadwa mu 2023 HashiCorp itasintha laisensi yake. Mafayilowo amakhala mu Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kulikonse, ndipo palibe chosintha chimalowa munthu wachiwiri asanachiwerenge. Zitsanzo zathu ndi za Google Cloud, imene inatsegula dera la africa-south1 ku Johannesburg mu Januwale 2024.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi posankha pakati pa zida zitatu za Terraform zofanana mayina. Choyamba ndi google_project_iam_policy. Ichi chimalembanso ndondomeko yonse ya pulojekiti: aliyense amene simunamulembe mufayilo amachotsedwa, ngakhale inuyo eni ake, ngakhalenso maakaunti amene Google imapanga yokha kuti zida zake monga Cloud Build kapena Kubernetes Engine zigwire ntchito. Mukaiwala mzere umodzi mwadzitsekera panja, ndipo ngati palibe wina wokhala ndi mphamvu pa bungwe lonse, wokutsegulirani sapezeka msanga. Musachigwiritse ntchito pa pulojekiti imene ikuyenda kale. Chachiwiri, google_project_iam_binding, chimalamulira udindo umodzi wokha (role, mtolo wa zilolezo), koma pa udindowo chimachotsa aliyense amene sali pamndandanda. Chachitatu, google_project_iam_member, chimangowonjezera munthu mmodzi pa udindo umodzi osakhudza ena.

Ndiye mungaganize kuti chachitatucho ndi chabwino nthawi zonse. Ayi ndithu. Popeza sichiona anthu ena, wina akadzipatsa udindo pa console usiku, terraform plan, lamulo loonetsa zimene zisinthe, siidzakuuzani kanthu. Ife timachita chonchi: pa maudindo oopsa, monga roles/resourcemanager.projectIamAdmin, timaika binding kuti wolowera pawindo achotsedwe tikangoyendetsa apply, lamulo lokhazikitsa zimene zili mufayilo. Pa maudindo wamba, komanso paliponse pamene maakaunti a Google ali nawo gawo, makamaka roles/editor, timaika member. Osasakaniza ziwirizi pa udindo umodzi. Zimalimbana: china chikaika munthu, chinzake chimamuchotsa, mpaka kalekale.

Chilolezo chipite ku gulu, osati kwa munthu payekha. Mufayilo mulembe gulu la okonza mapulogalamu, gulu la oyang'anira ndalama, gulu la owerenga malipoti, ndipo munthu akasiya ntchito mumangomuchotsa m'gulumo. Pali malirenso: ndondomeko imodzi imalola mayina 1,500, ndipo mwa amenewo magulu ndi madomeni asapitirire 250. Maudindo akale aja atatu, owner, editor ndi viewer, ndi otakata kwambiri. Wofuna kungowerenga mafayilo mpatseni roles/storage.objectViewer, ndiponso pa bucket (nkhokwe ya mafayilo) imodzi yokha basi. Pulogalamu yolumikizana ndi database ipatseni roles/cloudsql.client. Chida cha Google cholangiza za maudindo chimayang'ana masiku 90 apitawo n'kukuonetsani zilolezo zimene sizinagwire ntchito, ndiye yambirani pamenepo pochepetsa.

Nkhani imene imatidetsa nkhawa kwambiri ndi makiyi a service account, akaunti imene amagwiritsa ntchito mapulogalamu osati anthu. Kiyi yake, imene imabwera ngati fayilo ya JSON, ili ngati kiyi wa nyumba ya lendi amene wokhalamo wakale sanabweze: imatsegulabe mpaka mutaichotsa, ndipo anthu amatumizirana pa WhatsApp mosaganiza kawiri. Choipa chinanso, mukaipanga ndi google_service_account_key, kiyi yonseyo imalembedwa poyera mufayilo ya state, mmene Terraform imasunga zonse zimene inapanga. Choncho state isalowe mu Git. Ikhale mu bucket ya Cloud Storage yosunga makope akale, yotsegukira anthu awiri kapena atatu okha. Kwa zida zoyendetsa code zokha monga GitHub Actions kapena GitLab gwiritsani ntchito Workload Identity Federation, imene imapereka chilolezo cha kanthawi kochepa popanda kiyi iliyonse, koma muike lamulo loti ilandire repository (nkhokwe ya code) yanu yokha. Mukafufuta service account molakwitsa, muli ndi masiku 30 oti muibwezeretse. Kupanga ina ya dzina lomwelo sikuthandiza, chifukwa Google imaiona ngati yachilendo ndipo zilolezo zakale sizimaitsatira.

Za magetsi sitikuuzani zachilendo. Madzi akachepa ku Kariba, kuno amazima maola ambiri monga amachitira kumudzi Shire akaphwera. Magetsi kapena intaneti zikathawa apply ili pakati, loko ya state, yoletsa anthu awiri kusintha nthawi imodzi, imatsala yotseka ndipo anzanu onse amaima. Imatsegulidwa ndi terraform force-unlock pamodzi ndi nambala ya lokoyo, koma muyambe mwafunsa ngati palibe wina akuyendetsa, kenako muyendetse plan muone zimene zinatheka ndi zimene zinatsala. Mankhwala enieni ndi oti apply isamachitikire pa laputopu ya munthu, izichitikira mu pipeline, dongosolo loyenda lokha pa seva.

Aganyu a miyezi yochepa timawapatsa chilolezo chokhala ndi tsiku lothera, pogwiritsa ntchito condition (malire oikidwa pa chilolezo) ya request.time. Nthawi yolembedwa ndi chilembo Z kumapeto ndi ya UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, pamene Harare ndi Lilongwe zili patsogolo ndi maola 2, ndiye mukalemba 00:00 chilolezo chimatha 2 koloko usiku kwathu kuno. Condition siigwira pa owner, editor ndi viewer. Mukasintha chilolezo musathamangire kunena kuti chakanika: nthawi zambiri chimatenga mphindi 2 kuti chifalikire, pena mphindi 7 kapena kuposerapo.

Malamulo nawonso akukankha. Zimbabwe ili ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021 yoyang'aniridwa ndi POTRAZ, bungwe la zamtokoma ndi matelefoni, kumudzi muli ndi Data Protection Act ya 2024 pansi pa MACRA. Akadzafunsa kuti ndani ankatha kuona zinsinsi za makasitomala mwezi wakutiwakuti, mbiri ya Git pamodzi ndi audit logs (zolemba za amene anachita chiyani pa cloud) ndizo zidzakuyankhireni.

Amene muli ndi pulojekiti yodzadza kale ndi zilolezo zopereka pamanja, musayambe ndi kufufuta. Tulutsani mndandanda ndi gcloud projects get-iam-policy, lembani zonse mufayilo monga ziliri, zilowetseni mu state ndi import, mpaka plan inene kuti palibe chosintha. Kenako muzichotsa udindo umodzi pa pull request (pempho lolowetsa chosintha mu Git) iliyonse, ndipo mzere uliwonse wosonyeza destroy (kufufuta) muziuwerenga muli awiri musanavomereze.