Masokosi opanikiza miyendo a 15–20 mmHg: ndi abwino, koma muwavalire ku Chipata konkuno

Tikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndi masokosi ofika m'munsi mwa bondo, otseka zala, opangidwa ndi nayiloni wosakaniza ndi ulusi wotamuka wa elastane, ndipo pabokosi pake palembedwa 15–20 mmHg, nambala yosonyeza mphamvu ya kupanikiza kwake. Amagulitsidwa m'mafamase, osati m'masitolo a zovala. Tawavala paulendo wochoka ku Chipata kupita ku London kudzera ku Dubai, popita ndi pobwera. Miyendo situpa monga imachitira popanda masokosiwa, nsapato imalowa bwinobwino potsika, ndipo kulemera kuja kwa akatumba kumene kumakuyendetsani mokhwekhwereza mapazi pa eyapoti kumachepa kwambiri. Zovuta zake zilipo, tizitchula, koma chachikulu chimene ogula ambiri a kuno amaphonya ndi nthawi yowavalira.

Munthu wa ku Lusaka ulendo wake umayambira pa Kenneth Kaunda International Airport. Wathu umayambira pasiteshoni ya basi m'mamawa kusanache. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pamsewu wa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo basi imatenga maola 8 kapena kuposa, kudutsa ku Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, pamlatho wa Luangwa mpaka ku Chongwe. Mpando wa m'basi ndi wothina kuposa wa m'ndege, pansi pamakhala chikwama, ndipo simungaimirire mmene mwafunira. Kenako ndege ya ku Dubai ndi maola pafupifupi 7, ndipo kuchoka ku Dubai kupita ku London ndi maola enanso 7 ndi theka. Odzera ku Addis Ababa amakhala maola pafupifupi 4, kenako 8. Ndege yopita ku London osaima pena kulibe chiyambire pamene British Airways inasiya kubwera ku Lusaka mu 2013. Mukaphatikiza zonse, mwakhala pampando maola oposa 20. Amene amasunga masokosi m'chikwama kuti akavale ndege itanyamuka amakhala atachedwa kale, chifukwa mwendo unatupa ali ku Nyimba, ndipo sokosi imene inayezedwa pamwendo wosatupa imavuta kulowa komanso imaluma. Ngakhale odzera pachipata cha Mwami kukakwerera ku Lilongwe, kumene msewu wake ndi waufupi, avaliretu kunyumba.

Kutupa pakokha n'kosautsa chabe. Choopsa ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha yamkati mwa mwendo. Magazi ochokera kumapazi amakwera kubwerera kumtima mothandizidwa ndi akatumba: mukamayenda, katumba amafinya mitsempha n'kukankhira magazi m'mwamba. Mukangokhala, bondo litapindika ndipo m'mphepete mwa mpando mukudinikiza kuseri kwa ntchafu, magaziwo amayenda pang'onopang'ono, madzi amatulukira m'minofu, ndipo mwa anthu ena magazi amaundana. Chigawo cha magazi oundanawo chikathothoka chimatha kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo pamenepo munthu atha kufa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2007 zotsatira za kafukufuku wake wotchedwa WRIGHT: chiopsezochi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala maola 4 kapena kuposa osasuntha, kaya ndi m'ndege, m'basi, m'sitima kapena m'galimoto. Sikuti chimagwera aliyense, ndi munthu pafupifupi mmodzi mwa 6,000, koma chiopsezocho chimapitirira kwa milungu pafupifupi 4 ulendo utatha. Onani kuti basi ili m'gulu lomwelo.

Sokosiyi imathina kwambiri pakakolo n'kumamasuka pang'onopang'ono pokwera ku bondo. Ndiye ntchito yake yonse: kupanikiza pansi kuti magazi ndi madzi alowere m'mwamba. Nambala ya mmHg ikunena mphamvu ya kupanikizako pakakolo. Musadalire mawu akuti Class 1 kapena Class 2 pabokosi, chifukwa mayiko amawerenga mosiyana. Class 1 ya ku Britain ndi 14–17 mmHg, pamene Class 1 ya ku Germany ndi 18–21 mmHg. Yang'anani nambala. Ngati bokosi lilibe nambala ya mmHg, lisiyeni, zikatero ndiye kuti ndi masokosi othina wamba. Kwa munthu wopanda matenda 15–20 ndi yokwanira. Yoposa pamenepo, monga 20–30, valani dokotala akakuuzani.

Pa saizi ndi pamene pamawonongekera ndalama za anthu. Saizi ya nsapato siikuthandizani. Bwerekani tepi ya telala, muyeze m'mawa mutangodzuka mwendo usanatupe, mutaima osavala nsapato. Malo oyamba ndi pamene mwendo wawonda kwambiri, pamwamba pang'ono pa fupa la kakolo. Achiwiri ndi pamene katumba wanenepa kwambiri. Kenako yezani kutalika kuchokera pansi pachidendene kufika pamalo otalikirana zala ziwiri ndi pamene bondo limapindikira kumbuyo. Yezani miyendo yonse iwiri, chifukwa siikhala yofanana nthawi zonse, ndipo mulembe masentimitawo papepala popita ku famase. Muyezo wa kakolo ndi umene umalamula. Ngati mukugulira amayi kapena agogo amene akupita kukaona adzukulu ku UK, musaganizire saizi pamtima, ayezeni.

Apa ndi pamene tachotsera nyenyezi. Masaizi ake ndi S, M, L ndi XL basi, ndipo kutalika kumakula limodzi ndi kunenepa. Munthu wamfupi wa akatumba akuluakulu, ndipo amayi ambiri kuno ali choncho, akatenga L kuti ikwane katumba, sokosiyo imapitirira mpaka kulowa m'khwapa mwa bondo. Chimene aliyense amachita n'kuipinda pamwamba. Musayerekeze. Mukapinda, malo amenewo amapanikiza kawiri, ndipo pakatha maola ochepa mupeza mzere wakuya wozungulira mwendo, khungu litadinda mizere ya ulusi, pansi pa mzerewo patatupa kuposa kale. Zimakhala ngati mwamanga mwendo ndi legeni, ndipo magazi akutsekerezedwa m'malo mothandizidwa. Funsani ngati ali ndi mtundu waufupi kapena wa katumba wamkulu. Akakhala kuti alibe, kokani pang'ono chabe povala, n'kugawa nsalu yotsalayo mofanana mwendo wonse ndi chikhato.

Kavalidwe kake nkofunika kuyeserera masiku awiri kapena atatu ulendo usanafike, osati kuphunzirira pa 4 koloko m'mawa takisi ikuliza hutala panja. Vulani mphete ndi zibangili, wengani zikhadabo za kumanja ndi kuphazi. Lowetsani dzanja m'sokosi, gwirani chidendene chake m'kati, muitembenuze mpaka pachidendenepo kuti kutsale kathumba ka phazi kokha. Lowetsani phazi, khazikani chidendene pamalo pake enieni, kenako muzikweza nsaluyo pang'onopang'ono, masentimita ochepa nthawi imodzi. Osaikoka ndi kukamwa kwake ngati sokosi ya sukulu, ulusi umaduka. Pomaliza sisitani kuti pasatsale khwinya, makamaka kutsogolo kwa kakolo pamene phazi limapindikira, chifukwa khwinya limodzi pamenepo limasanduka chironda cha mkwapulo pofika ku Dubai. Mwendo uliwonse umatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Magolovesi a mphira otsukira mbale amathandiza kugwira nsaluyo bwino, ndipo amateteza kuti chikhadabo chisaboole.

Zinthu ziwiri za kwathu zimawononga masokosiwa msanga. Ming'alu ya kuchidendene imakola ulusi n'kuyambitsa kung'ambika, choncho kwechani mapazi ndi mwala sabata yonse ulendo usanafike. China ndi mafuta odzola olimba monga Vaseline, amene amafooketsa ulusi wotamuka komanso kuchititsa sokosi kutsetsereka. Dzolani usiku, m'mawa muvale pakhungu louma.

Amatentha, palibe chobisa. M'mwezi wa Okutobala basi ikamatsika kulowa m'chigwa cha Luangwa, mapazi amachita thukuta ndipo msoko wa kuzala umayamba kumveka. Amene zala zawo zimathinana kapena ali ndi nyansi pakati pa zala asankhe mtundu wosatseka zala. M'ndege vuto la kutenthali limatha chifukwa m'menemo mumazizira ndipo mpweya wake ndi wouma kwambiri. Mtundu wotuwirako umene amati ndi wofanana ndi khungu sugwirizana ndi khungu lathu ndipo umada msanga ndi fumbi, tengani akuda. Gulani mapeyala awiri. Ngati mugona ku Lusaka musanakwere ndege, ndipo ndi bwino kutero m'malo molumikiza basi ndi ndege tsiku limodzi, vulani usiku, mugone miyendo itakwera papilo, m'mawa muvale peyala youma. M'ndege musawavule ngakhale pogona, poti mukugona chokhala. Ku eyapoti yodikirira ndege yachiwiri ingowongolani makwinya basi, mukavula simuwabwezanso mosavuta pamwendo wotopa. Pamakina ounikira savuta, alibe chitsulo.

Kuchapa n'kwa pamanja, m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma. Musathire bulitchi kapena mankhwala ofewetsa zovala, musapotokole. Kulungani m'thaulo, finyani, yanikani pamthunzi. Dzuwa la pachingwe, mbaula ndi simbi zimapha ulusi. Kuchapa kumabwezeretsa kuthina kwake, choncho musavale peyala imodzi kawiri osachapa. Wovala tsiku lililonse amayenera kusintha pakatha miyezi 6, woyenda mwa apo ndi apo amakhala nawo nthawi yaitali kuposa apo. Mukaona kuti ayamba kulowa mosavuta kapena akutsika okha, mphamvu yatha. N'chifukwa chake a pasalaula kumsika wa Kapata, ngakhale aoneke atsopano, sitingawavomereze: simudziwa kuti atamuka kale bwanji ndipo bokosi la miyezo palibe. Masokosi a mpira amathina pamwamba m'malo mwa pansi, ndiye amachita zosiyana ndi zimene mukufuna. Oyera aja a m'chipatala, okhala ndi kabowo kuzala, anapangidwira odwala ogona pabedi pambuyo pa opaleshoni, osati munthu wokhala pampando kapena woyenda.

Si aliyense ayenera kuwavala, ndipo kapepala ka m'bokosi kamanena zimenezi m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono zimene okalamba sangawerenge. Munthu amene mitsempha yobweretsa magazi kumapazi inatsekeka pang'ono, uja amamva kupweteka m'katumba akayenda pang'ono n'kuleka akaima, kapena amene mapazi ake amakhala ozizira, masokosiwa atha kumuvulaza. Chimodzimodzi wodwala shuga amene mapazi anachita dzanzi, chifukwa samva sokosi ikamaluma mpaka chironda chitatseguka. Wa chironda pamwendo, wa khungu lotupa ndi lofiira, ndi wa mtima wofooka umene umatupitsa miyendo, onsewa ayambe aonana ndi dokotala. Ngati mwavala ndipo zala zayamba kuzizira, kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, vulani pomwepo.

Amene masokosiwa amawafunikira kwambiri ndi amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene m'milungu 6 yapitayi, akumwa mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen, amene achitidwa opaleshoni yaikulu posachedwa, odwala khansa, onenepa kwambiri, a zaka zoposa 60, ndi aliyense amene magazi ake anaundanapo kale kapena m'banja mwawo muli vutoli. Kwa ena mwa anthuwa masokosi okha sangakwanire, dokotala atha kuwalembera jekeseni kapena mapiritsi ochepetsa kuundana kwa magazi. Kumwa aspirin mwa inu nokha chifukwa cha ulendo sikulimbikitsidwa, amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

Sokosi siilowa m'malo mwa kuyenda. Posungitsa tiketi sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira, wa pawindo umakuchititsani manyazi kudzutsa anzanu ndiye mumangokhala. Chikwama chikwezeni pamwamba kuti kunsi kwa mpando wakutsogolo kukhale kwa mapazi. Pakatha ola limodzi kapena awiri imirirani muyende, bola chizindikiro cha lamba chikhale chozima. Muli pampando, pondani zala pansi n'kukweza zidendene maulendo 20, kenako pondani zidendene n'kukweza zala, muzichita zimenezi mphindi 30 zilizonse muli maso. Osapingasa miyendo. Basi ikaima pa Luangwa tsikani muyendeyende ngakhale simukufuna kugula kanthu, ndipo nsomba zamchere za pamenepo muzisiyire ulendo wobwerera, mchere umasunga madzi m'thupi. Pa maeyapoti ambiri botolo la madzi oposa 100 ml silidutsa pounikira, choncho dutsani nalo lopanda kanthu mukadzaze mkati. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa zimakugonetsani maola ambiri osasuntha bondo litapindika, ndipo masokosi sangakonze zimenezo.

Mukafika, vulani mukasamba, gonekani miyendo pamwamba. Kutupa pang'ono kwa miyendo yonse iwiri kumatha pofika mawa lake. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akamapweteka, pakatentha kapena khungu likasintha mtundu, musausisite kapena kuuthowa ndi madzi otentha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale patapita milungu iwiri kapena itatu chibwerereni, ndipo muwauze kuti munali paulendo wautali. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa popuma, kapena kutsokomola magazi n'kofunika kuthamangira ku Chipata Central Hospital kapena chipatala chilichonse chapafupi nthawi yomweyo, usiku kapena usana.