Anki patatha miyezi 9: Chingerezi cha kuntchito kwa amene anaphunzira m'Chipwitikizi

Munthu wa ku Angónia kapena ku Zóbuè amakula ndi Chinyanja pakhomo, sukulu n'kuphunzira m'Chipwitikizi. Akapeza ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, pa njanji ya ku Nacala imene imadutsa m'Malawi, kapena yolongosola zikalata za katundu pachipata cha Dedza, amapeza kuti maimelo, mafomu a chitetezo komanso mabwana ochokera kunja, zonse zikufuna Chingerezi. Ndi antchito otere amene takhala tikugwiritsa nawo ntchito pulogalamu ya Anki kwa miyezi 9. Maganizo athu ndi akuti imasungadi mawu m'mutu, koma pokhapokha makhadiwo mukulemba nokha kuchokera pa ntchito yanu, ndipo pali malo ena pamene Chipwitikizi muyenera kuchichotseratu pakhadi.

Anki ndi pulogalamu ya makhadi: kutsogolo funso, kuseri yankho. Mukaona yankho mumadina limodzi mwa mabatani anayi, Again, Hard, Good kapena Easy, ndipo iyo imawerengetsera tsiku loti ikubweretsereninso khadilo. Lomwe mwakhoza limakankhidwira kutsogolo, masiku, kenako masabata, kenako miyezi. Lomwe mwalephera limabwerera msanga. Pa foni za Android dzina lake ndi AnkiDroid ndipo ndi yaulere, pa kompyuta chimodzimodzi. Yogula ndi ya pa iPhone, AnkiMobile. Pali mapulogalamu ena a mayina ofanana nayo amene si a Anki yeniyeni, choncho yang'anitsitsani dzina musanaike. Pobwereza makhadi sifuna bandulo.

Vuto loyamba limaonekera mwezi wachiwiri. Anki imabwera itatcheredwa kuti izipereka makhadi atsopano 20 patsiku, ndipo sabata yoyamba amaoneka ochepa. Koma khadi lililonse latsopano ndi ngongole, lidzabweranso kangapo. Malangizo a Anki omwewo amachenjeza kuti amene akutenga 20 tsiku ndi tsiku ayembekezere kubwereza pafupifupi 200 patsiku. Khadi likamadya masekondi 10, kumeneko ndi kupitirira theka la ola. Munthu wa shifiti ya maola 12 akadumpha masiku atatu amapeza mulu woti sangaumalize, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Lowani mu Deck options, malo osinthira makonzedwe a mulu wa makhadi, mutsitse makhadi atsopano afike pa 6 kapena 8. Mukatsalira, aikeni pa 0 mpaka mulu uthe. Ogwira ntchito usiku adziwenso kuti tsiku la Anki limayamba 4 koloko m'mamawa. Nthawi imeneyi imasinthika, ndipo ndi bwino kuiika pa ola limene mumakhala muli mtulo kuti makhadi a masiku awiri asakugwereni mkati mwa shifiti imodzi.

Batani la Hard limawononga anthu ambiri mwakachetechete. Anki imaliwerenga ngati mwakhoza, kungoti movutikira. Mukalidina pamene mwaiwaliratu, khadilo limapita patali m'malo mobwerera. Mwaiwala, dinani Again.

Milu ya makhadi yokonzedwa ndi anthu ena, ya mawu 3,000 kapena 5,000, tinaisiya msanga. Yambiri ya Chipwitikizi ndi Chingerezi inalembedwa ndi anthu a ku Brazil, ndiye pamene wa ku Tete amati "comboio" kapena "machimbombo" mupezapo "trem" ndi "ônibus". Chachikulu, gawo lalikulu la mawuwo munthu wa Chipwitikizi amawadziwa kale. Mawu othera ndi -ção nthawi zambiri amakhala -tion, a -dade amakhala -ty, a -vel amakhala -ble: "inspecção" ndi "inspection", "quantidade" ndi "quantity". Amenewa phunzirani lamulo lake kamodzi, osawalembera makhadi.

Pamene Anki yatipindulira kwambiri ndi pa mawu amene amafanana nkhope koma matanthauzo n'kusiyana. Woopsa kwambiri pa ntchito ya makina ndi "push". Khutu la munthu wa Chipwitikizi limamva "puxe", kutanthauza koka, pamene Chingerezi chikuti kankha. Mnzanu akufuula "push", inu mukukoka. Poyamba makhadi athu ankalembedwa "empurrar" kutsogolo, "push" kuseri, ndi kachenjezo pansi koti si "puxar". Makhadi otere ankalephereka mobwerezabwereza, chifukwa kachenjezo komweko kamadzutsa mawu amene mukufuna kuwaiwala. Zinasintha titalemba Chinyanja. Kutsogolo: kukankha wilibala, ndi chiganizo chokhala ndi mpata, "____ the wheelbarrow to the door". Kuseri: "push". Khadi lina lapadera la kukoka chingwe, "pull". M'Chinyanja kukankha ndi kukoka sizisokonezana, ndipo palibe liwu lofanana ndi Chingerezi loti likunamizeni.

Njira yomweyi imagwira pa mawu ena a mtundu umenewu. "Pretendo terminar hoje" munthu amalemba "I pretend to finish today", osadziwa kuti wauza bwana kuti anamizira kumaliza. Ofunika ndi "I plan to" kapena "I intend to". "Eventualmente" ndi mwina, pamene "eventually" ndi pamapeto pake ndithu. Mukalembera kasitomala "we will eventually refund you" muli ndi maganizo akuti mwina, iye wamva lonjezo. "Actualmente" ndi pakali pano, "currently"; "actually" ndi kunena zoona. "Atender" foni ndi "answer", pamene "attend" ndi kupezeka pamsonkhano. "Compromisso" ndi "appointment" kapena "commitment", osati "compromise", amene ndi kukumana pakati pokambirana. Kwa ogwira ntchito za kasitomu, "taxa" kawirikawiri ndi "fee" kapena "rate", pamene "tax" ndi msonkho, "imposto". Ndipo dalaivala akauzidwa kuti apite ku "office" asalunjike ku "oficina": kumeneko ndi ku "workshop". Apa Chinyanja cha m'malire chimathandizanso mwanjira ina, chifukwa chinabwereka kale mawu ambiri ku Chingerezi. Amene amadziwa ofesi, fomu, risiti, buleki ndi sitolo ali kale ndi poyambira, angofunika kuphunzira kalembedwe.

Pali msampha umodzi umene ndi wathu wokha olankhula zilankhulo zitatuzi: masiku a sabata. Chipwitikizi chimawerenga Lolemba ngati lachiwiri, "segunda-feira". Chinyanja chimati Lachiwiri ndi tsiku lotsatira, limene Chipwitikizi chimalitcha "terça", lachitatu. Onjezerani kuti "Tuesday" ndi "Thursday" pafoni amamveka mofanana, ndiye mupeza galimoto yafika kudzanyamula katundu tsiku lolakwika. Pa makhadi a masiku sankhani chilankhulo chimodzi chokha, ndipo polemba uthenga muziika deti pambali pa tsikulo. Manambala nawonso: 1.500,75 wa Chipwitikizi m'Chingerezi ndi 1,500.75. Lembani makhadi angapo a ndalama ndi matani, muziwerenga mokweza.

Mawu amene amasowa kwambiri pantchito si aatali ayi, ndi aafupi. Munthu wa Chipwitikizi amalemba bwino "terminate", "verify", "complete", koma kapitawo pa mgodi amati "shut it down", "lock it out", "fill in the form", "hand over", "sign off", "follow up". Amenewa khadi la liwu limodzi siliwagwira. Gwiritsani mtundu wa khadi wotchedwa Cloze: mumatenga chiganizo chenicheni cha mu imelo kapena pa bolodi la chitetezo, n'kubisa liwu limodzi. "Please follow ____ with the supplier." Chotsanimo mayina a anthu ndi ziwerengero za kampani musanachiike pafoni. Cloze yomweyi imakonza zolakwika zochokera ku Chipwitikizi: "depende de" amene amabala "depend of" m'malo mwa "depend on", "tenho uma dúvida" amene amabala "I have a doubt" pamene mukufuna kunena "I have a question", ndi "informations" kapena "equipments" amene Chingerezi sichiwaika s. "Perder" amagawika pawiri, "lose" ndi "miss": kiyi mumataya, basi imakusiyani, ndipo Chinyanja chasiyanitsa kale. Chimodzimodzi kubwereka ndi kubwereketsa, "borrow" ndi "lend".

Khadi likalephereka maulendo 8 mutaliphunzira kale, Anki imaliika chizindikiro cha "leech", dzina la msundu, ndipo imatha kuliimitsa ngati inatcheredwa choncho. Musalibwezere momwe linalili. Tikawayang'ana makhadi otere, chifukwa chimakhala chimodzi mwa ziwiri: mwina lili ndi matanthauzo atatu kuseri, monga "charge" amene ndi kulipiritsa, kutchaja batire komanso kuyang'anira, kapena likulimbana ndi lina lofanana nalo limene munalilemba tsiku lomwelo. Ligaweni, tanthauzo limodzi khadi limodzi, ndipo ofananawo muwatalikitse ndi sabata.

Chimene Anki sichita, ngakhale patapita miyezi yonseyi, ndi kukonza katchulidwe ndi kufulumiza lilime. Munthu amatha kukhala ndi makhadi 1,500 okhwima koma pa msonkhano wa m'mawa mutu n'kuima. Chinyanja sichisiyanitsa l ndi r, ndiye "load" ndi "road", "collect" ndi "correct" amatuluka mofanana. Chinyanja ndi Chipwitikizi zonse zilibe kusiyana kwa "fill" ndi "feel", "live" ndi "leave". Ndipo pa wailesi ya m'manja "thirteen" ndi "thirty" asokonezapo anthu ambiri. Chizolowezi chabwino ndi kubwereza nambala imodziimodzi, "one three". AnkiDroid imatha kuwerenga khadi mokweza pogwiritsa ntchito mawu a foni yanu, ndipo zimathandiza khutu, koma siikuuzani ngati mwatchula molakwika. Chimene taona chikuthandiza ndi ichi: yankhani khadi lililonse mokweza musanatembenuze, chiganizo chonse, osati liwu lobisikalo lokha. Kamodzi pa sabata jambulani mawu anu pafoni kwa mphindi imodzi mukupereka lipoti la shifiti, mumvetsere, ndipo pamene munakakamira pakhale makhadi a sabata yotsatira. Amene ali ndi mnzake wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe pantchito amupemphe mphindi zisanu za Chingerezi chokhachokha pa nkhomaliro, chifukwa anthu akangodziwana kuti onse amamva Chinyanja, Chingerezi chimathera pomwepo.

Kuyambira kumapeto kwa 2023, mu Anki muli njira yatsopano yowerengetsera masiku yotchedwa FSRS. Yatseni mu Deck options, musiye mlingo wake wa makhadi amene mukufuna muziwakumbukira pa 90 peresenti monga imabwerera. Mukaukweza kufika 95 kapena 97, makhadi obwereza amachuluka kwambiri pa phindu lochepa.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Tsegulani akaunti yaulere ya AnkiWeb ndipo muzidina Sync mukapeza netiweki, kuti makhadi anu asungidwenso pa intaneti. Makhadi a mawu okhaokha sadya bandulo yambiri, zithunzi ndi mawu ojambula ndi zimene zimalemera. Dziwani kuti AnkiWeb imafufuta makhadi a akaunti imene yakhala miyezi 6 osagwiritsidwa ntchito, choncho kamodzi pamwezi chitani Export ya makhadi onse, fayiloyo muitumize ku imelo yanu kapena muisunge pa memori khadi.