GCC ndi uthenga wofufuzira mavuto: maganizo anga monga woigwiritsa ntchito ku Chigwa cha Shire

GCC ndi compiler, pulogalamu imene imasandutsa khodi yolembedwa ndi munthu kukhala malangizo amene purosesa imamva. Idatuluka koyamba mu 1987 ndipo ndi yaulere. Ine ndimaigwiritsa ntchito pomanga mapulogalamu a chinenero cha C a pa Raspberry Pi, timakompyuta timene timawerenga msinkhu wa madzi m'ngalande za ulimi wothirira ndi m'mphepete mwa mitsinje kuno ku Chikwawa ndi Nsanje. Za liwiro la khodi yake ambiri adalemba kale, choncho ndikufuna kuunika mbali ina imene imanyalanyazidwa, yomwe ndi uthenga wofufuzira mavuto umene GCC imasiya m'pulogalamu ukaiuza kuti -g pomanga.

Uthengawu umalembedwa m'dongosolo la DWARF, ndipo kuyambira GCC 11 ya 2021, umatuluka mu DWARF 5 ngati sunasankhe china. Ndi umene umauza zida zofufuzira mapulogalamu monga GDB, perf ndi SystemTap kuti lamulo ili la purosesa lidachokera pamzere uti wa khodi, kuti function iyi (chigawo cha khodi chogwira ntchito yakeyake) idayitanidwa ndi iti, komanso kuti variable iyi (dzina losungira nambala m'khodi) ili mu register (kosungira kakang'ono ka m'kati mwa purosesa) kapena mu memory panthawiyo. Kwa munthu amene chipangizo chake chili patebulo, izi n'zongothandiza chabe. Kwa ife nkhani ndi ina, chifukwa chipangizo chikhoza kukhala cha ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, ndipo m'nyengo ya dzinja msewu ukaduka, njira yokhayo yodziwira chifukwa chake manambala akubwera olakwika ndi kulowamo kudzera pa netiweki ya foni n'kutchera probe, kachizindikiro kolemba zimene zikuchitika pamalo ena a khodi, m'pulogalamu imene ikuyendabe. Kuyimitsa pulogalamuyo madzi akukwera sikungatheke.

Apa m'pamene ubwino wa DWARF umayesedwa. Ukamanga ndi -O0, imene imauza compiler kuti isafulumizitse khodi, chilichonse chimaoneka, koma khodi imayenda pang'onopang'ono ndipo purosesa imagwira ntchito yochuluka kuposa yofunikira, chinthu chimene sindichifuna m'kabokosi kotseka m'mwezi wa Okutobala ku Ngabu, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Ukamanga ndi -O2, imene imafulumizitsa khodi, compiler imasuntha malamulo, imalowetsa ma function aang'ono m'kati mwa amene akuwayitana, ndipo imataya variable ikangotha ntchito yake. Tiyerekeze kuti function yatenga nambala kuchokera ku sensa, yaichulukitsa kuti ikhale masentimita, n'kuyitana function ina. Ukafunsa GDB nambala yoyambayo pamzere wotsatira, nthawi zina imangoyankha kuti <optimized out> (kutanthauza kuti nambalayo yatayika pofulumizitsa khodi), popeza register imene idali nayo yapatsidwa kale ntchito ina. Ukamatsata mzere ndi mzere, chizindikiro chimadumpha kutsogolo n'kubwereranso, ndipo probe imodzi yotchera pa function yolowetsedwa m'zinzake iyenera kukhala m'malo onse amene function ija idakopedwa. Ngati DWARF sinalembe amodzi mwa malowo, chida chimakhala chete ndipo iwe umaganiza kuti khodiyo sinayende.

Pamenepa GCC ndimaiyamikira. Kuyambira GCC 4.5 ya 2010, ili ndi njira ya -fvar-tracking-assignments, imene imatsata variable pamene ikusamuka kuchoka mu register kupita mu memory n'kulemba mndandanda wa malo ake onse, ndipo imayamba yokha ukaphatikiza -g ndi -O2. Nthawi zina DWARF imafotokozanso momwe chida chingawerengerenso nambala yotayika kuchokera pa zimene function idalandira poyamba. Chinanso chimene chimandipatsa mtendere n'chakuti -g sisintha malamulo a purosesa ngakhale limodzi, kotero pulogalamu imene ndikufufuza ndi yomwe ija ili kumtsinje. Palinso -Og, imene idabwera ndi GCC 4.8 mu 2013 kuti ikhale pakati pa -O0 ndi -O2. Ndi yabwino pamene ukulemba khodi, koma ma variable ena amasowabe, ndipo vuto lodalira liwiro nthawi zina silioneka ukasintha mamangidwe, choncho siilowa m'malo mwa kufufuza pulogalamu yeniyeni ya -O2.

Chosakondweretsa chachikulu ndi kukula kwa uthengawu, chifukwa kawirikawiri umaposa khodi yeniyeniyo, ndipo kuutumiza pa data bundle ku chipangizo chilichonse n'kuwononga ndalama. Njira yake ilipo: objcopy --only-keep-debug imaukopera m'fayilo yakeyake imene imatsala pa laputopu, strip imauchotsa m'pulogalamu yotumizidwa, ndipo nambala ya build-id, yozindikiritsa pulogalamu iliyonse yomangidwa, imatsimikiza kuti fayiloyo ndi ya pulogalamu imeneyo. Fayilo imeneyi isungidwe nthawi iliyonse pamene mwamanga pulogalamu yopita kumunda, pakuti ya dzulo sigwirizana ndi pulogalamu ya lero ngakhale mutangosintha mzere umodzi.

Kwa amene akufuna kuona mndandanda wa ma function oyitanana pogwiritsa ntchito perf, ndikulangiza kuwonjezera -fno-omit-frame-pointer. Popanda frame pointer, register imene imathandiza kutsata ma function oyitanana, perf imadalira DWARF ndipo imakopera ma kilobyte 8 a stack (memory ya ma function oyitanana) nthawi iliyonse ikasuzumira pulogalamu, zimene zimadzaza memory card msanga. Fedora 38 ndi Ubuntu 24.04, mitundu ya Linux, adabwezeretsa ma frame pointer m'mapulogalamu awo pachifukwa chofanana ndi chimenechi. Chipangizo chisanachoke pamalo ogwirira ntchito, ndimayendetsa perf probe -V pa ma function amene ndikudziwa kuti ndidzawafuna, kuti ndione ma variable amene akuoneka, ndipo ngati wofunika akusowa ndimaika __attribute__((noinline)) pa function imeneyo kuti isalowetsedwe m'zinzake, kapena kumanga fayilo yokhayo ndi -Og, zotsalazo n'kuzisiya pa -O2.