Ndemanga ya kampando ka siponji kosungiramo zinthu kamene ndinapangitsa ku Mchesi

Kampando kamene ndikunena pano ndi kaja kopanda chotsamira, kokutidwa ndi siponji ndi nsalu, kamene mukatukula pamwamba pake mumapeza bokosi losungiramo zinthu. Ndinakapangitsa kwa mmisiri wina wa mipando ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, ndipo kakhala pabalaza pathu nyengo zonse zitatu, dzinja, chisanu ndi chilimwe, moti chisangalalo cha katundu watsopano chinatha kale ndipo ndikhoza kukaweruza mosakondera. Ndine wokhutira nako ndipo ndikhoza kupangitsanso kena, koma ubwino wake wagona pa zinthu zimene sizioneka pa zithunzi zimene ogulitsa amaika pa Facebook ndi pa WhatsApp, zomwe ndi matabwa a mkati, mtundu wa siponji, ndi mapangidwe a kunsi kwake.

Chimene chinandichititsa kukafuna ndi kuchepa kwa malo. Nyumba zambiri za lendi mumzinda muno zilibe makabati omangira kukhoma, choncho mabulangete olemera amene timawafuna mu Juni ndi Julayi amasowa pokhala miyezi ina yonseyo, ndipo mapeto ake amaunjikidwa pamwamba pa wadilopu pomwe amamwa fumbi la mu Okutobala mpaka kusintha mtundu. Komanso mlendo sapangana nawe tsiku, ndipo sofa ikadzaza pamafunika pokhala pena paulemu posachita kukanyamula mpando wa pulasitiki kukhonde.

Ndisanapite kwa mmisiri ndinayamba ndazungulira m'masitolo a m'tauni. Timipando tochokera kunja timene ndinaona tinali tamitundu iwiri. Tina ndi topinda, timene mbali zake ndi timatabwa topyapyala ta MDF (utuchi wopanikizidwa ndi guluu) tokutidwa ndi nsalu, ndipo pansi pake ndi kabolodi kongolowetsa kopanda msomali ngakhale umodzi. Toteroti tingathandize munthu amene amasamukasamuka, chifukwa akapinda timalowa ngakhale m'chikwama chachikulu, koma nditakhalapo ndinamva mbali zake zikugwedera, ndipo sindikanalimba mtima kukhazikapo apongozi anga. Tina tinali tolimba ndithu ndiponso tosokedwa mwaluso, koma mtengo wake unali wosayandikirika, zomwe sizodabwitsa poti katundu wochokera kunja anakwera kwambiri kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kupangitsa konkuno kunali kotsikirapo, ngakhale kuti siponji, nsalu ndi mahinjesi nazo zinakwera mtengo.

Phindu lalikulu la kupangitsa ndi lakuti miyeso mumasankha nokha. Kanga ndi ka ngodya zinayi, masentimita 46 mbali iliyonse kunja kwake, ndipo kuchokera pansi kufika pamwamba pa siponji ndi masentimita 44, womwe ndi msinkhu wofanana ndi pokhalira pa sofa yathu. Mfundo ya msinkhuyi ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa kampando kakafupika kwambiri munthu wachikulire amavutika kudzuka, ndipo kakatalika kuposa sofa simungasanjikepo miyendo momasuka. Mkati mwake ndi masentimita 40 m'litali, 40 m'lifupi ndi 30 kuzama, kutanthauza malita 48, kapena kuti ndowa ziwiri za malita 20 ndi kanthu kena pamwamba. Wogula asanamizidwe kuti malo amenewa ndi ambiri. Mumalowa bulangete limodzi lolemera la bedi lalikulu pamodzi ndi nsalu zoyala pabedi zingapo, kapena mabulangete awiri opepukirapo, basi. Amene ali ndi mabulangete a banja lonse ayenera kupangitsa kotalika ngati benchi, koika kumiyendo kwa bedi. Ndinkafuna kozungulira poyamba chifukwa kamaoneka bwino pabalaza, koma amisiriwo anandilangiza kuti kozungulira kofanana kukula ndi ka ngodya zinayi kamataya malo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo bulangete lopindidwa limakhala ndi ngodya, motero silikhazikika bwino m'bokosi lozungulira. Masamu ake ndi oona, ndipo pamenepa anandithandiza.

Mafelemu a kampando kanga ndi a paini, ndipo mbali zake ndi pansi pake ndi pulayiwudi. Paini wambiri amene amagulitsidwa m'misika ya matabwa ku Lilongwe amachokera kunkhalango ya Chikangawa kumapiri a Viphya, ndipo ndi wopepuka, wosavuta kupala, komanso wokwanira pa kampando kakang'ono ngati aka. Mlombwa kapena mbawa ndi matabwa olimba kwambiri, koma kuwaika m'kanthu kamene kadzakutidwa konse ndi nsalu ndi kuwononga ndalama ndiponso kuwononga mitengo imene ikusowa kale, kuwonjezera apo kampandoko kangalemere moti mwana sangakasunthe. Chofunika pa paini ndi chakuti akhale wouma. Thabwa laliwisi limafota likamauma m'nyumba, polumikiza pamayamba kulekana, ndipo mpando umayamba kulira munthu akakhalapo. Ndinapempha kuona bokosilo lisanakutidwe, ndipo ndikulimbikitsa aliyense kuchita chimodzimodzi, pakuti nsalu ikangokhomedwa zonse zimabisika ndipo nkhani imasanduka ya chikomekome cha mkuyu. Langa ndinalipeza lomangidwa ndi guluu ndi masikuluwu, ndipo m'ngodya zonse munali timitengo tolimbitsira. Mpaka pano silinagwedere, ngakhale kuti ana amalumphirapo ndipo amuna anga, omwe ndi athupi ndithu, amakhalapo madzulo aliwonse povula nsapato.

Mbali imene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi ya kunsi. M'nyumba zathu zambiri pansi ndi pa simenti kapena matailosi, ndipo timakolopa m'mawa uliwonse. Timipando tambiri timene ndinaona, ta m'sitolo ndi ta amisiri tomwe, timakhala pansi mwachindunji, nsalu yake n'kumakhudza simenti. Madzi okolopera amanyowetsa m'mphepete mwa nsaluyo tsiku ndi tsiku, polishi wofiira wa pansi amaipaka mzere wosachoka, ndipo ngati pansi pake ndi pa MDF kapena chipibodi thabwalo limamwa madzi, limatupa, kenako limayamba kunyenyeka ndipo silibwereranso mwakale ngakhale mutaliyanika padzuwa. Kwa mnansi wanga wina ndinaona kampando kokongola kwambiri kamene pansi pake panabooka motere chaka chisanathe, nsapato zimene ankasungamo n'kumagwera pa simenti akakanyamula. Chifukwa cha zimenezi ndinaumirira kuti kanga kakhale ndi miyendo inayi ya mtengo ya masentimita 5, yopakidwa vanishi, ndi timphira kunsi kwake. Amisiriwo anadandaula kuti miyendo iwononga maonekedwe, koma tsopano chokolopera chimadutsa kunsi osakhudza nsalu, mpweya umayenda, ndipo kampandoko sikakanda matailosi pokakoka. Mpata umenewu umathandizanso kuona msanga ngati chiswe chayamba kumanga njira yake, chinthu chimene m'nyumba za simenti yong'aluka sichichedwa kuchitika.

Siponji ndiye pamene amisiri ambiri amachepetsera mtengo wogula osadziwa. Kulimba kwa siponji mukaidina ndi chala sikusonyeza kuti idzakhalitsa, chifukwa ilipo ina youma gwa ikakhala yatsopano koma yofulumira kuphwa. Chimene chimasonyeza kukhalitsa ndi kulemera kwake, kumene ogulitsa amakutchula kuti density, ndipo siponji yoyenera pokhalira imayambira pa makilogalamu pafupifupi 28 pa kiyubiki mita imodzi kupita m'mwamba. Njira yapafupi ndi kunyamula zidutswa ziwiri zofanana kukula n'kusankha cholemerapo. Yanga ndinakagula ndekha n'kukawapatsa amisiriwo, ndipo ndi yochindikala masentimita 5. Sinaphwe, ndipo munthu akadzuka imabwerera msanga osasiya chidikha pakati. Komabe masentimita 5 ndi ochepa kwa munthu wokhalapo nthawi yaitali. Mlendo wocheza ola limodzi sadandaula, koma woonera mpira wonse amayamba kusinthasintha makhalidwe chifukwa thabwa limamveka kunsi, ndipo kusowa kwa chotsamira kumatopetsa msana. Siponji ya masentimita 8 ikanakhala bwino, kungoti ikanadya malo a bokosi kapena kutalikitsa kampandoko.

Pa nsalu ndinasankha yokhuthala yopangira mipando, yotuwa moderapo. Veleveti imakongola koma imakoka fumbi ndi ubweya wa mabulangete, ndipo rekisini, nsalu yooneka ngati chikopa ija, ngakhale imapukutika mosavuta, imamata pakhungu kukatentha ndipo yotsika mtengo imasuwa pakapita nthawi. Chitenje chimakometsa balaza, koma ndi chopyapyala pa ntchito yokhalira tsiku lililonse ndipo chimasuluka pamene dzuwa la pawindo limafika. Vuto la nsalu yangayi ndi lakuti inakhomedwa ndi mawaya moti siingavulidwe n'kuchapidwa. Tiyi atatayikirapo ndinapukuta ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono ndipo banga linachoka, koma mafuta a mandasi amene mwana anagwiritsa pangodya ina akuonekabe. Telala wa pafupi ndi kwathu anandisokera chovalitsa cha chitenje chokhala ndi lasitiki m'mphepete, ndipo ndicho chimene ndimachapa.

Pamene sindinakhutire ndi pa chotsekera. Anachimangirira ndi mahinjesi awiri ang'onoang'ono a kabati, opanda chilichonse chochigwira chikatsegulidwa, motero chikapitirira chimagwera kumbuyo n'kumakoka masikuluwu, ndipo chikabwerera kutsogolo chimamenya mwamphamvu. Thabwa lokhala ndi siponji pamwamba limalemera, ndipo m'nyumba ya ana aang'ono zimenezi ndi zoopsa ku zala. Dzinja lili mkati sikuluwu imodzi inazuka m'paini, chotsekeracho n'kuyamba kukhala mopendama. Nditabwerera nako, amisiriwo anavomera osakangana nane, anaika hinjesi imodzi yaitali yoyenda m'mbali yonse ndi kachitsulo kogwira chotsekera kuti chizitsika pang'onopang'ono, ndipo anandilipiritsa mtengo wa zitsulo zokha. Kuyambira pamenepo palibe vuto. Komabe ndikuona kuti pa kampando kakang'ono chonchi chotsekera chongotukula n'kuika pambali, chokhala ndi kamtengo kunsi kochiletsa kutsetsereka, n'chabwino kuposa cha mahinjesi, chifukwa palibe chozuka, palibe chopana zala, ndipo ena amachipanga kuti mukachitembenuza chikhale thireyi yoikapo makapu.

Mkati munakutidwa ndi kansalu kakuda kopyapyala, komwe kamateteza zovala ku zibanthu za pulayiwudi. Masabata oyamba munkamveka fungo la guluu ndi utomoni wa paini, ndipo ndinkasiya chotsegula masana mpaka linatha. Chimene wogula ayenera kuchenjera nacho ndi chinyezi cha dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi bokosi lotsekedwa limasunga chinyontho, ndipo chilichonse cholowamo chisanaumitsitse chimatuluka ndi chuku ndi fungo la chinyezi. Ndinapempha kuti aboole timabowo tingapo pansi pake n'kumatapo kasefa ka waya kuti mphemvu zisalowe, ndipo mabulangete ndimawayanika padzuwa ndisanawasunge. Timabowo timeneti ndi chitetezonso ngati mwana wamng'ono atalowamo posewera chibisalirano. Nsapato zachikopa ndinasiya kusungamo chifukwa zinayamba kuyera ndi chuku mu Febuluwale, ndipo zakudya, ngakhale mabisiketi a alendo, sizoyenera kuikamo konse. Zikalata zofunika monga masatifiketi zikhale kwina, pokhapokha zili m'chikwama cha pulasitiki chotsekeka bwino.

Siponji imayaka msanga ndipo utsi wake ndi woipa kwambiri, choncho magetsi akazima kampandoka kasasanduke poika kandulo, ndipo m'chisanu kakhale kutali ndi mbaula.

Za kagwiridwe ka ntchito ka amisiriwo, luso ali nalo ndipo ndi aulemu, koma nthawi sasunga. Ndinapereka theka la ndalama poyamba monga mwa chizolowezi, ndipo tsiku limene tinapangana linadutsa ndi masabata angapo, foni iliyonse yankho lake n'kukhala lakuti mawa, mayi, mawa katha. Chinandithandiza n'chakuti miyeso, mtundu wa matabwa ndi mtengo tinalemberana pa WhatsApp, motero pamene anafuna kuwonjezera mtengo ponena kuti guluu wakwera, ndinangowaonetsa uthengawo ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndalama yotsala ndinapereka nditakhalapo, nditatsegula, ndiponso nditakatembenuza kuona kunsi. Kunyamula sikunavute chifukwa kanakwanira pampando wakumbuyo wa galimoto yaing'ono, ndipo ngakhale wa kabaza akanatha kukamangirira.

Kachiwiri kamene ndikufuna kupangitsa kadzakhala ka kuchipinda chogona, kotalika masentimita 90 kuti mabulangete awiri olemera azigona moyandikana osapanikizana, ka chotsekera cha hinjesi yaitali poti chachikulu chotero n'chovuta kutukula ndi dzanja limodzi, ndi mtanda wa thabwa pakati kuti chisapindike anthu awiri akakhalapo. Ndidzapita kwa amisiri omwewo, koma ndidzawapatsa ntchitoyo mu Epulo kuti chisanu chikamatha kadzakhale katafika.