Makina kapena mabakiteriya: zonyansa za anthu mumlengalenga

Pa International Space Station, malo ozungulira dziko mumlengalenga omwe asayansi amakhalamo n'kumachita kafukufuku, mkodzo sutayidwa. Makina amausandutsa nthunzi, nthunziyo n'kusefedwa kukhala madzi akumwa, ndipo mu 2023 NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, inalengeza kuti ikubwezeretsa 98 peresenti ya madzi. Koma chimbudzi amangochitsekera m'zotengera, n'kukapsera limodzi ndi chombo cha katundu chikamagwa kubwerera kudziko. Chonde chonsecho chimangopita pachabe.

Njira ya MELiSSA, yomwe European Space Agency, bungwe la ku Ulaya loona za mumlengalenga, inayamba mu 1989, imasiyira mabakiteriya kuti aoletse zonyansazo. Ena amasandutsa amoniya wochokera m'zonyansazo kukhala nayitireti, chonde chodyetsera spirulina (mtundu wa ndere yodyedwa) ndi mbewu, zomwe zimapereka chakudya ndi mpweya wopuma. Chovuta n'chakuti mabakiteriya amachedwa, ndipo akafa simungawasinthe ngati chitsulo. Komabe paulendo wa ku pulaneti ya Mars, komwe chakudya sichingatumizidwe pafupipafupi, ine ndingadalire mabakiteriyawo.