Oxford Advanced Learner's Dictionary: ndalama yake imabwerera pati?

Mwana wa Fomu 4, kalaliki wa pa esiteti ya tiyi kapena wophunzira wa ku MUST ku Ndata akafunsa dikishonale yoti agule kuti Chingerezi chake chikwere, yankho ndi Oxford Advanced Learner's Dictionary. Koma ndalama yake imabwerera kwa munthu amene amawerenga zonse zolembedwa pansi pa liwu. Amene amangotola tanthauzo loyamba n'kutseka buku asavutike n'kugula, zimenezo foni imupatsa ulere.

Bukuli silinalembedwere Angerezi. Analiyamba ndi A.S. Hornby, mphunzitsi wa ku Britain amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan ndipo ankaona yekha malo amene ophunzira ake amapunthwa. Linatuluka koyamba ku Japan mu 1942, ndipo Oxford University Press inalisindikiza mu 1948. La 2020 ndi losindikizidwa kachikhumi, ndipo eni ake amati lili ndi mawu opitirira 60,000 ndi zitsanzo zoposa 100,000. Mbiriyi ndi yofunika pogula, chifukwa si buku lililonse lolembedwa Oxford pachikuto lomwe ndi ili. Timadikishonale ta m'thumba monga Pocket ndi Mini, ngakhalenso Concise yaikuluyo, tinalembedwera munthu amene Chingerezi anayamwira. Timatanthauzira liwu lovuta ndi liwu lina lovuta, ndipo sitiuza wowerenga mmene liwulo limakhalira m'chiganizo. Kholo lochokera ku Luchenza kupita ku Limbe kukagula liyang'ane mawu akuti Advanced Learner's pachikuto.

Matanthauzo a m'bukuli amalembedwa ndi mawu osavuta otengedwa pamndandanda wotchedwa Oxford 3000, choncho simuzungulira buku lonse kufunafuna tanthauzo la tanthauzo. Mawu a pamndandandawu ali ndi kachizindikiro ka kiyi pambali. Palinso Oxford 5000, umene umawonjezera mawu ena 2,000 a msinkhu wapamwamba. Liwu lililonse lotere lili ndi chilembo chosonyeza msinkhu wake, kuyambira A1 wa ongoyamba mpaka C1. Wofuna Chingerezi chozama, munda wake ndi B2 ndi C1. Zizindikirozi zimakuuzani liwu loyenera kulitayira nthawi. Ophunzira ambiri amaloweza mawu aatali osowa kuti akadabwitse aphunzitsi pachimangirizo, pamene implement, undermine kapena reluctant, omwe amatuluka tsiku ndi tsiku mu The Nation ndi The Daily Times, sakuwagwira bwino. Komabe 5,000 si mathero. Katswiri wa ku New Zealand, Paul Nation, anapeza mu 2006 kuti munthu amafunika mabanja a mawu (liwu pamodzi ndi abale ake) 8,000 mpaka 9,000 kuti adziwe mawu 98 pa 100 aliwonse m'nyuzipepala kapena m'buku la nthano.

Tsegulani pa yield. Aliyense wokulira pakati pa minda ya tiyi amalidziwa ngati zokolola za pahekitala. Bukuli limayamba kukuonetsani kuti liwuli ndi dzina komanso mneni, ndipo mbali ziwirizi zili pazokha. Pansi pa mneni pali kubala mbewu, phindu kapena zotsatira, monga kafukufuku akabala zotsatira zabwino. Kutsika pang'ono pali kugonja, ndipo apa mneniyu amayenda ndi to. Kenako kupindika chifukwa chopanikizika, ndiponso kupatsa mpata galimoto ina pamsewu, tanthauzo lomwe alemba kuti ndi la ku America. Mayeso a MSCE akafunsa tanthauzo la liwu malinga ndi mmene lagwirira ntchito m'ndime, mwana amene anaima pa tanthauzo loyamba amalemba zokolola pamene ndimeyo ikunena za boma logonjera ochita sitalaka. Estate nayenso ali choncho: munda waukulu, dera la nyumba zomangidwa pamodzi, komanso chuma chosiyidwa ndi womwalira. Njira yake ndi yoti muike chala pachiganizo chimene mwapezamo liwulo, muwerenge matanthauzo onse, kenako mubwezere lililonse m'chiganizomo mpaka lina likhale.

Phindu lalikulu lili m'timalemba ting'onoting'ono timene anthu amalumpha. Dzina likakhala ndi chilembo U pambali, siliwerengeka, ndiye sililandira s kumapeto kapena a kutsogolo. Advice, equipment, furniture, information ndi luggage onse ali ndi U, ndipo ndi omwewo amene amadzaza makalata ofunsira ntchito ali ndi s wawo. Mneni wokhala ndi T amafuna chochitiridwa pompopompo popanda mperekezi pakati. Discuss ndi wotero, ndipo bukuli laika ndemanga yoletsa discuss about. Cope amayenda ndi with yekha, up uja timangowonjezera tokha kuno. Zidule za sb ndi sth zikuimira munthu ndi chinthu, ndipo zimajambula chimango cha chiganizo: accuse sb of sth, prevent sb from doing sth. Lowezani chimango chonsecho, chifukwa liwu lopanda mperekezi wake simungalembe nalo kanthu. Borrow ndi lend ali ndi kabokosi kawokawo kofotokoza kusiyana kwawo. Zolakwikazi sizibwera chifukwa cha ulesi. Zambiri zimachokera m'Chichewa, momwe timati kukambirana za nkhani ndi ndibwerekeni cholembera, ndipo mutu umanyamula kamangidweko n'kukaika m'Chingerezi.

N'chimodzimodzi ndi mawu oyenda limodzi. Mvula yamphamvu ya kuno kumapiri m'Chingerezi ndi heavy rain, osati strong rain, pamene tiyi wothina masamba ndi strong tea. Palibe lamulo loti n'kulitsata, n'chizolowezi cha eni chinenero basi, ndipo bukuli limalemba mawu otere ndi zilembo zakuda kwambiri m'zitsanzo. Zitsanzozo ndiye mnofu wa buku.

Palinso timawu tosonyeza malo ndi mtima wa liwu: formal, informal, disapproving, approving, offensive. Childish ndi lonyoza pamene childlike ndi loyamikira. Notorious ndi kutchuka ndi zoipa, ndiye musalembe choncho za a mfumu kapena a hedi poganiza kuti mukuwatamanda. Economic ndi economical n'zosiyana. Mabokosi a Synonyms amaika pamodzi mawu ofanana n'kufotokoza pamene asiyanira, ndipo pamenepa mpamene Chingerezi cha kusekondale chimasandukira cha ku yunivesite. Mawu ofunika pa maphunziro apamwamba ali ndi chizindikiro chawo cha OPAL. Kumapeto kuli masamba a Writing Tutor oonetsa kalembedwe ka chimangirizo, lipoti, CV ndi kalata yofunsira ntchito. Ndi ofupika koma abwino.

Pa katchulidwe buku lapepala limathandiza pang'ono chabe. Zizindikiro za IPA, zosonyeza katchulidwe ka liwu, zilipo, koma masukulu ambiri saziphunzitsa. Chosavuta kuphunzira ndi kamzere kakang'ono kam'mwamba kosonyeza phatikizo lotsindikidwa. Kameneko kokha kamakonza determine, develop ndi comfortable, ndipo kamasiyanitsa record wa dzina ndi record wa mneni. Zina zonse mverani pafoni.

Zofooka zilipo. Zilembo n'zazing'ono kwambiri, zopweteka maso powerenga ndi tochi magetsi akathima. Mapepala ndi opyapyala, masamba oyandikira 2,000, ndipo la chikuto chofewa limathyoka msana likamayenda m'chikwama tsiku lililonse. Zitsanzo zambiri n'za moyo wa ku Britain. Mawu a ntchito za m'fakitale ya tiyi, za malamulo kapena za chipatala alimo apo ndi apo, ndipo wophunzira uinjiniya adzafunabe dikishonale ya phunziro lake. Mulibe Chichewa, ndipo pa mayina a mitengo, mbalame ndi ziwiya, kufotokoza kwa Chingerezi kumatenga mizere itatu pamene liwu limodzi lathu likanatha nkhani. Pazotere dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi ya Steven Paas imagwira ntchito mwachangu. Koma musaidalire pa mawu monga assume, imply ndi infer, chifukwa pomasulira amayandikana kwambiri ndipo kusiyana kwawo kumatayika.

Chenjerani ndi mabuku achinyengo ogulitsidwa m'mbali mwa msewu pamtengo wokopa. Musanapereke ndalama, tsegulani masamba a zithunzi: mu lenileni mitundu imawala, mu lachinyengo imakhala yotuwa kapena yosefukira kunja kwa mizere. Yang'anani zizindikiro za katchulidwe, chifukwa ndizo zimayamba kufufutika buku likajambulidwa pamakina. Tsatani manambala a masamba m'malo atatu kapena anayi, poti ena amasowa chigawo chonse kapena kubwereza masamba. Pindani msana pang'ono, guluu wouma amalira. La 2020 lenileni nthawi zambiri limabwera ndi nambala yachinsinsi yotsegulira zina pa intaneti kwa nthawi yoikika, ndiye funsani ngati ilimo komanso ngati sinagwiritsidwe kale ntchito. Lakale lenileni la 2010 kapena la 2015 ndi labwino kuposa latsopano lachinyengo. Galamala ndi zitsanzo zake zidakali zolondola, kungoti misinkhu ya A1 mpaka C1 ndi Oxford 5000 zinabwera ndi la 2020.

Webusaiti ya Oxford Learner's Dictionaries ndi yaulere, ili ndi matanthauzo omwewo, mindandanda ija, ndi mawu omveka m'katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America. Imafuna bandulo ndi netiweki, zomwe m'midzi ina ya m'zigwa sizodalirika. Apu yake ndi yolipira ndipo ikatsitsidwa yonse imagwira popanda intaneti, koma imadya malo pafoni. Vuto la foni ndi WhatsApp yomwe imakhala pafupi, komanso kuti diso limaona mizere yochepa, ndiye munthu safika pa tanthauzo lachinayi. M'kalasi ndi m'nyumba ya ana angapo, buku limapambana.

Kagwiritsidwe kopindulitsa ndi aka. Werengani nkhani imodzi ya m'nyuzipepala, makamaka ndemanga ya mkonzi, mpaka kumapeto osatsegula dikishonale, mukungodula mzere pansi pa mawu achilendo. Sankhanipo asanu mpaka asanu ndi atatu, kuyambira amene ali ndi kiyi. Kupitirira khumi patsiku kumangodzaza kope, chifukwa ntchito yobwereza imaunjikana n'kukugonjetsani sabata yachiwiri. M'kope, kumanzere lembani liwu lokha. Kumanja lembani mtundu wake, chimango chake, mawu awiri oyenda nalo, abale ake monga reluctant, reluctance ndi reluctantly, kenako chiganizo chanuchanu chonena za zinthu zomwe mumazidziwa, kaya mtengo wa nanazi pa Chitakale kapena minibasi za ku Muloza. Phimbani kumanja n'kuyesa kukumbukira mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, ndiponso pakatha mwezi. Kungowerenganso mndandanda kumanamiza, chifukwa diso limazindikira liwu lomwe mutu sungalitulutse pawokha. Amene ali ndi foni ya Android angagwiritse apu ya AnkiDroid, yomwe ndi yaulere ndipo imawerengera yokha masiku obwerezera. Kuloweza dikishonale kuyambira pa A sikugwira, poti mawu oyandikana kalembedwe amasokonezana.

Mwana wa Fomu 1 kapena 2 bukuli limulemera. Oxford Wordpower imukwanira. Longman Dictionary of Contemporary English ndi Cambridge Advanced Learner's Dictionary ndi amsinkhu umodzi ndi ili, ndipo mukapeza lenileni pamtengo wotsikirapo tengani osadandaula. Collins COBUILD imatanthauzira ndi ziganizo zathunthu, zomwe ena amamva msanga. Lililonse mwa amenewa, kuno ku Mulanje ndi Thyolo mdani wake ndi chinyontho. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni mapepala opyapyalawa amamatana n'kuchita nguwi, ndipo mphemvu zimadya guluu wa kumsana. Likutireni chikuto ndi pulasitiki, matani tepi yaikulu pamsana lisanathyoke, liikeni pashelefu yotalikirana ndi khoma, ndipo dzuwa likawala litsegulireni pamthunzi podutsa mphepo.